Chaka chopanda a Longwe

Bambo anga, a Zebedee Longwe, anali kalaliki m'sitolo ya zipangizo zomangira nyumba ku Mzuzu. Anachoka ku Nkhata Bay ali mnyamata, atasenza sutikesi yachitsulo, ndipo anakhazikika ku Chibanja mpaka kumera imvi. Anali munthu wamantha, sindibisa. Ankaopa njoka, mphezi ndi ngongole, koma koposa zonse ankaopa mwezi wowapeza asanakonzeke.

Mankhwala a manthawo anali kope. Mu Januwale ankagula latsopano, mwezi uliwonse n'kuupatsa tsamba lake, kenako ankatsegula makope a zaka zitatu zam'mbuyo n'kuyamba kulosera. Amene anakhalapo ku Mzuzu akudziwa kuti miyezi ya kuno sifanana. Mu Epulo mvula ikamavumba osaleka, makala ankanyowa n'kukwera mtengo. Kuzizira kwa Juni ndi Julaye kunkatidyera matumba awiri a makala m'malo mwa limodzi, osawerengera mankhwala a chifuwa. Mu Okutobala bilu ya madzi inkafufuma chifukwa amayi ankathirira mpiru kuseri kwa nyumba. Bambo ankaphatikiza zonsezi, n'kumasunga ndalama yofanana mwezi uliwonse m'chitini cha mkaka, kuti mwezi wofewa uzinyamula wolimba. Ife ana tinkawaseka kuti ndi mneneri wa makala, koma kwathu sitinapemphepo mchere kwa aneba.

Mbiri yabwino imeneyi ndi imene inawaika m'madzi mu 1986. Loweruka lina m'mawa, bambo ali kuntchito, kunabwera mayi Rhoda a nyumba yachitatu kuchokera pathu. Amuna awo, a Stanford, anali tcheyamani wa nthambi ya chipani m'dera lathu. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo munthu ankatha kusowa chifukwa cha mawu amene wayankhula m'basi.

"Monire, a Nyamanda," iwo anapereka moni kwa amayi anga. "Kwathu malipiro safika pakati pa mwezi. Mundibwerekeko kope la a Longwe lija nditengereko nzeru."

Amayi analipereka ndi mtima woyera. Bambo atabwera masana n'kumva, anakhala pansi asanavule chipewa.

"Nyamanda, tsamba lomaliza lija munaliona?"

Amayi sanalione. Pa tsambalo bambo ankalembapo "Zogwa mwadzidzidzi", ndipo m'munsi mwake munali mzere wa zinthu zinayi: maliro, matenda, akuba, chipani. Pa chipanipo anawerengera makhadi a banja lonse, nsalu yovinira ya amayi ndi zopereka zimene achinyamata a chipani ankatolera khomo ndi khomo. Pa tsamba la Febuluwale analemba kuti, "Mwezi wa njala, chimanga chidzasowa", pomwe aliyense ankadziwa kuti mawu oti njala satchulidwa pagulu. Kwa bambo anali masamu chabe. Koma kuika chipani mzere umodzi ndi akuba, ndi dzanja lako lomwe, kopelo n'kukagona m'nyumba ya tcheyamani!

Kukaliitanitsa msanga kukanasonyeza kuti muli kanthu, choncho tinangodikira. Sabata imeneyo sindidzaiiwala. Galimoto ikaima pamsewu, amayi ankasiya mbale m'madzi n'kuuma pomwepo. Bambo ankapita kuntchito atavala mathalauza awiri ndi juzi, poti anamva kuti otengedwa sapatsidwa mpata wokatenga chofunda. Chakudya ankangochigwiragwira. Ine ndinali Fomu 2, mwana woyamba, ndipo m'kalasi sindinkamva kanthu. Ndinkangoganiza kuti ndikafika kunyumba ndipeza njinga yawo palibe.

Lachiwiri bambo anakumana ndi a Stanford pampopi wa pamphambano.

"Muli wuli, a Longwe? Ndamva kuti ndinu katswiri wa masamu chomene," anatero a Stanford akumwetulira.

Bambo anabwerera m'nyumba. Kodi a Stanford awerenga kopelo, kapena angomva kwa akazi awo? Palibe ankadziwa, ndipo panalibe womufunsa.

Lachitatu bambo anagula kope lina. Tsiku lotsatira, ataweruka, anaitana amayi ndi ine kuchipinda n'kutseka zenera. Pachikuto analembapo kuti "Chaka chopanda ine". Anachita chinthu chokhacho chimene ankachidziwa: anachotsa malipiro awo, n'kuyendetsa banja lathu mwezi ndi mwezi pa ndalama ya mpiru ndi ya makina osokera a amayi. Anatiwerengera ndi mawu otsika ngati akuwerenga mitengo ya misomali. Tisamukire m'chipinda chimodzi ku Luwinga. Njinga igulitsidwe mu Malichi, osati msanga. Chimanga tigule mu Meyi chikadali chotchipa.

"Makina osokera musagulitse," anatero. "Fizi ya Marjorie musaikhudze, ngakhale mugone ndi njala."

Marjorie ndine. Ndinalira, ndipo ndinawakwiyira. Munthu angakhale bwanji pansi n'kudzichotsa yekha ndi pensulo? Iwo sanandiyang'ane, anangofufuta nambala ina n'kuikonza.

Loweruka mayi Rhoda anabwera ndi kope lija atalikulunga m'chitenje. Anakana mpando.

"Pepani chomene, adada. Makala anali onyowa, ndiye ndinang'ambamo masamba awiri n'kuyatsira mbaula. Lomaliza ndi la Febuluwale." Anayang'ana pansi, kenako anawonjezera: "Bambo akunyumba sakonda zowerenga makope."

Woyatsa mbaula sasankha masamba otalikirana chonchi, ndipo tonse tinadziwa. Bambo analandira kopelo ndi manja awiri, n'kuthokoza.

"Yewo, amama. Yewo chomene."

Palibe anabwera kudzawatenga. Komabe mantha sanawachoke. A Stanford akawapatsa moni, bambo ankavula chipewa msangamsanga ngati mwana wasukulu, ndipo m'makope a zaka zotsatira tsamba lomaliza linkangoti maliro, matenda ndi zina. Kope la chaka chopanda iwo amayi anati aliotche, koma bambo anakana. Analiika pansi pa sutikesi yachitsulo ija, amvekere masamu abwino sataya.

Anamwalira ndi chibayo kumapeto kwa Juni mu 1991, pabedi lawo, osati m'ndende. Ine ndinali ku koleji ya uphunzitsi. Odzakhuza maliro atabalalika, amayi anatsegula sutikesi ija n'kutulutsa kope lija. Mitengo inali itakwera, koma ndondomeko yake inagwira. Tinasamukira ku Luwinga, njinga tinagulitsa mu Malichi, makina sitinagulitse, ndipo fizi ya azing'ono anga sinakhudzidwe.

Tsamba loyamba kuligwiritsa ntchito linali la Julaye. Pansi pa mtengo wa makala panali mzere wa zilembo zing'onozing'ono umene sanatiwerengere tsiku lija: "Kudzazizira kwambiri. Bulangeti langa mupatse ana."