Akati "Tikutera," Wailesi Imazimitsidwa

Ku Mlonyeni tili ndi aneba, mkulu amene kale ankayendetsa ndege zonyamula anthu. Lero amalima fodya, ndipo popita ku Boma amatinyamula pa pikiapu yawo yokalamba. Akayandikira chitsikiro cha pamlatho amazimitsa wailesi n'kunena kuti, "Tikutera." Aliyense amatseka pakamwa, ngakhale mkangano wa zipani utafika pakolasi.

Ine ndinkauseka mwambowu mpaka tsiku lomwe mabuleki anakana pachitsikiro pomwepo. Timagetsi tofiira tinayaka tonse kutsogolo, amayi ena kumbuyo akukuwa, wina akuti tidumphe, ine ndikuwakoka mkono mkuluyo kuwaonetsa timagetsito. Iwo sanacheuke n'komwe. Maso ali pamsewu, anatsitsa magiya imodziimodzi mpaka galimoto inakaima mumchenga, mlatho uli poteropo.

Titatsika, ndinawafunsa chifukwa chimene sanandimverere.

"Mwanawe, mundege mabelu amatha kulira onse pakamodzi uli pafupi kutera," anatero. "Mnzanga wina anafuna kuyankha belu lililonse, n'kuiwala kuti pansi pakuyandikira. Tinamuika m'manda ana ake asanayambe sukulu."

Atatero anayatsanso wailesi.