Ndinakana kukhala umboni wa makapisozi a Melvin

Anzanga, Melvin ndinakumana naye pa depoti ya minibasi pa Mwanza boma, tsiku lomwe mwendo wanga wakumanzere unakana kutsika nane.

Ndinkachokera kuchipatala ku Blantyre. Kondakitala akukuwa, "Sisi tsikani, tikuchedwa!" ine mwendo uli zii ngati wa eni ake. Mnyamata wina wa shati yoyera anandigwira mkono.

"Mwaledzera masana ano?" anafunsa akuseka.

"Ndikanakonda," ndinatero. "Mowa umatha m'mutu."

Anandiperekeza mpaka kunyumba. Patatha miyezi iwiri tinali pachibwenzi, ndipo ndinamuuza zonse. Ndili ndi multiple sclerosis. Chitetezo cha m'thupi mwanga chimalimbana ndi mafuta amene amakuta mitsempha yanga, ngati khoswe akutafuna pulasitiki wa waya wa magetsi. Pakatupa, mwendo umachita dzanzi, diso limaona mbuu.

Ndinamuuzanso zomwe adokotala anandifotokozera. Selo iliyonse m'thupi ili ndi kakhungu kopangidwa ndi mafuta, ma fatty acids, ndipo ofufuza akuyang'ana ngati mtundu wa mafutawo ukukhudzana ndi kutupaku. "Usipa ndi matemba muzidya, a Vera," anatero adokotalawo. "Koma palibe amene watsimikiza kuti zimachiza. Mankhwala musasiye."

Pa zonsezi Melvin anatolapo mawu amodzi: mafuta.

Sindinama, chikondi chinalipo. Ankandibweretsera usipa, kundisisita mapazi, kundiseketsa mpaka nthiti kuwawa. Tinagwirizana chinkhoswe mu December. Kenako analowa bizinesi yogulitsa makapisozi a mafuta a nsomba, ija yoti ukakopa anzako umakwera level.

"Babe, imwa awa. Omega, mafuta aja ankanena adokotala, ndi ameneyu."

Ndinamwa. Koma matendawa ali ndi khalidwe lake, amabwera n'kupita okha kwa miyezi. Nthawi imeneyo anali atapita kale.

Tsiku lina Patience, amene ndimagwira naye ntchito pa shopu ya fotokope, anandionetsa pa foni status ya Melvin. Zithunzi ziwiri. China ndili pabedi kuchipatala, china ndikuvina paukwati wina. Pansi pake: "Anali wopuwala, lero wachira! Inbox."

"Chithunzi cha kuchipatalacho unachitenga kuti?" ndinamufunsa Melvin madzulo ake.

"M'foni mwako... Iwe, ndi marketing chabe, usapse mtima."

October atafika ndi kutentha kwake, mwendo unayambiranso. Ndinayamba kuyendera ndodo. Sabata yomweyo Melvin anali ndi msonkhano wa makasitomala mu holo ina pa boma.

"Udzapereke umboni, five minutes basi," anatero. "Ndodoyo udzaisiye panja. Udzanene kuti mankhwala akuchipatala unasiya."

"Sindinasiye."

"Akudziwa ndani?"

"Nanga ndikakana?"

"Ndiye za December tiziganizenso."

Ndinapita, anzanga. Ndinavala diresi lomwe lija la pachithunzi. Kutsogolo kunakhala mayi wina wochokera kwa Nthache, atagwirizitsa mwamuna wake amene manja ankanjenjemera. Mayiyo ankandiyang'ana ngati ndabwera ndi yankho.

Ndinalowa ndi ndodo yanga, go! go! go! pa simenti. Melvin kumwetulira kunauma.

"Dzina langa ndine Vera," ndinatero pa maiki. "Makapisozi awa ndamwa miyezi isanu. Ndi mafuta a nsomba, si poizoni, komanso si mankhwala a matenda anga. Sindinachire. Amene muli pa mankhwala musasiye. Mayi, bambowo mupite nawo kuchipatala Lolemba."

Wina kumbuyo anakuwa, "Eeeh, zavuta!" Melvin anazimitsa sipika, koma mawu anga ndi aakulu kale. Ndinabwereza osagwira maiki.

Madzulo ake message inalowa: "Wandichititsa manyazi pagulu. It's over."

Ndinayankha: "Fufuta zithunzi zanga."

Ndinalira, inde, masiku atatu. Munthuyo ndinkamukonda, ndipo diresi la chinkhoswe linali kale kwa telala. Abale ena akuti ndikanangopirira five minutes zija, bwenzi pano ndili pabanja. Five minutes zomwezo bambo uja akanataya mapiritsi ake.

Anzanga, mwamuna akamakufunsani kwambiri za matenda anu, muziyang'anitsitsa. Ena akumvetsera, ena akulemba manotsi. Ine kudwala ndikudwaladi, koma sindine chikwangwani cha munthu.