Bambo wa m'foni ya amayi

Foni ya munthu ikayamba kulankhula m'minibasi, mpaka lero manja anga amazizira.

Tili ku Durban, chaka chomwe eni dziko ankasaka alendo ochokera kumayiko ena, amayi anandipatsa lamulo: "M'tekisi, Chichewa ayi. Akakufunsa kanthu, uzingoti yebo." Kumeneko minibasi amati tekisi, ndipo yebo ndiye "inde" wawo.

M'foni mwawo munali Baibulo lomvetsera, la Chichewa chophweka ngati chathu cha pakhomo. Ine ndinkaganiza kuti bambo wowerengayo ndi Mmalawi mnzathu amene akubisala m'menemo.

Tsiku lina tikuchokera kumsika wa ku Warwick ndi nsalu zoti amayi akasoke, munthu wina anatsamira chikwama chawo momwe munali foniyo. Bambo uja anayamba kusimba mokweza za Yesu ndi namondwe. Anthu onse m'tekisimo anacheuka. Amayi anapisa m'chikwama kuti aizimitse. Mwamuna wina wa kutsogolo anatiyang'ana osaphethira, mpaka tinatsikira panjira n'kuyenda wapansi.

Titafika kunyumba ndinainong'oneza foniyo: "Bambo, kunja muzikhala chete. Akuphani."

Amayi sanaseke, anangolira.

Ndakula tsopano, ndipo ndikudziwa chomwe chinawaliza. Mwana wawo anali ataphunzira kukhalitsa chete ngakhale Mawu a Mulungu.