Mchira, Khutu ndi Nkhope ya Kaphulusa

Pakati pa shopu ya ometa ndi golosale pali situdiyo yojambulira zithunzi. Mwini wake ndi bambo wamfupi, wadazi, amene kamera siichoka pakhosi pawo ngakhale akupita kukagula sopo. Dzina lawo lenileni lili pachitupa pokha. Msewu wonse umawatchula kuti a Mwetulirani, chifukwa ndiwo mawu amene akhala akukalipira nawo anthu kwa zaka makumi atatu. Munthu amalowa nkhope ili ndwii, iwo n'kumukhazika kutsogolo kwa nsalu yojambulidwa mathithi, kumuwongola phewa, kumutukula chibwano, kenako n'kukuwa ngati msilikali kuti, "Mwetulirani!" Ambiri amamwetulira chifukwa cha mantha.

Mu situdiyomo muli mpando wopakidwa utoto wagolide, maluwa apulasitiki, ndi jekete limodzi lakuda lobwereka amuna ofuna chithunzi cha pasipoti. Jeketelo lafika mayiko ambiri kuposa mwini wake.

A Mwetulirani ndi mmisiri wonyada. Chithunzi chawo sichikhala ndi chimene iwo amachitcha zinyalala, kaya ndi chigongono cha munthu wodutsa, kaya waya wamagetsi. Akachiona amafufuta pomwepo, kapena amadula pakompyuta mpaka chithunzi chiyere. Ndipo zinyalala zimene anadula kwambiri pa moyo wawo wonse zinali galu wawo, Kaphulusa.

Galuyo anabwera naye ndi mwana wawo wamkazi ali ku pulayimale, atamuika m'katoni ya sopo. A Mwetulirani analumbira kuti pakhomo pawo sipagona galu. Usanathe mwezi, galu uja anali akupita nawo kuntchito. Ankagona pansi pa tebulo la kompyuta, chibwano atatsamiritsa pansapato yawo. Vuto lake linali limodzi: akangomva kamera ikulira, ankadzuka n'kukaima pafupi ndi wojambulidwayo ngati wachibale. Mkwati ali m'diresi loyera, Kaphulusa ali pompo. Mwana wavala gauni yomalizira sukulu, Kaphulusa ali pompo. Kwa zaka khumi ndi zitatu a Mwetulirani ankamuthamangitsa, kufufuta, kudula, madzulo n'kumugulira mafupa kubutchala.

Mwana wawo ankawauza kawirikawiri kuti, "Ababa, mujambuleni Kaphulusa chake chake."

"Galu ameneyu sajambulidwa chisawawa," ankayankha choncho. "Ayambe wasamba, ndikonze magetsi bwinobwino. Mawa."

Zojambula ndi foni ankazinyoza kuti ndi masewera, moti pakhomopo panalibe woyerekeza kuloza foni galu wa katswiri. Mawa lija linakhala likusuntha mpaka mwana anakula n'kupita kukaphunzira unamwino kutali.

Kaphulusa anakalamba, miyendo yakumbuyo inayamba kukana. Dokotala wa ziweto anati impso zatopa, palibenso chochita. Lachitatu lina m'mawa anagona pamalo pake pansi pa tebulo, ndipo sanadzukenso. Anakamuika kuseri kwa nyumba, patsinde pa mgwafa. A Mwetulirani anakumba okha, osalola wina kugwira khasu.

Zinawawawa, ndipo anachita manyazi kuti zikuwawawa chonchi. Bambo wamkulu kulirira galu, anthu amva bwanji? Anatsegula situdiyo tsiku lotsatira ngati palibe chachitika. Koma chakudya chinkabwerera m'mbale, ndipo mawu aja oti "mwetulirani" ankatuluka ngati akupempha madzi. Akakhala pakompyuta, mwendo wakumanja ankausunga phee kwa maola, kuopa kudzutsa galu amene panalibe.

Patatha sabata mwana wawo anaimba foni. Analira pang'ono, kenako anati, "Ababa, munditumizire chithunzi chake ndiike pakhoma."

"Chabwino, mwanawe. Ndikutumizira lero lomwe."

Anatsegula kompyuta. Munali maukwati, makwaya, matimu a mpira, nkhope za mapasipoti zosawerengeka. Anafufuza mpaka dzuwa linapendeka. Kaphulusa munalibe. Anatsinzina kuti amuone m'mutu, ndipo apa ndi pamene mantha anawagwira. Galuyo anali ndi khutu limodzi logwa. Lakumanja kapena lakumanzere? Anakafunsa akazi awo kunyumba.

"Lakumanzere," anatero mayiwo akuchapa.

M'mawa anafunsa ometa.

"Lakumanja, achimwene. Ndimamuona tsiku lililonse ine."

Sabata imodzi yokha, nkhope yayamba kale kusungunuka. Nanga pakatha chaka? Anakhala pabenchi ya ometa atagwira tsaya, maso ali pakhoma, osaona kanthu. Pakhomapo panali chithunzi chimene anajambula iwo omwe tsiku lotsegulira shopuyo: ometa ataima pakhomo, lumo m'manja. Anachiyang'ana nthawi yaitali asanazindikire chimene akuona. M'munsi, pakona, pafupi ndi felemu, panali kanthu kotuwa kopindikira m'mwamba.

Anadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu, nachotsa chithunzicho pamsomali.

"Mchira uwu! Achimwene, mchira wa Kaphulusa uwu!"

"Mwandidzidzimutsa, ndikanamudula khutu munthuyu," anatero ometa. Koma nawonso anasiya mutu wa kasitomala uli theka n'kubwera kudzaona.

A Mwetulirani anayamba kuganiza msangamsanga. Ngati mchira unawapulumuka apa, ndiye kuti unawapulumukanso kwina. Zaka khumi ndi zitatu, zithunzi zili m'nyumba za anthu tauni yonse. Diso la mmisiri nalonso limaphethira. Anathamangira ku situdiyo, natenga pepala lalikulu, nalemba ndi cholembera chakuda: ALIYENSE AMENE ALI NDI CHITHUNZI CHOJAMBULIDWA NDI INE CHOMWE MULI GALU, NGAKHALE MCHIRA WOKHA, ABWERE NACHO. NDIMUJAMBULA CHATSOPANO ULERE.

Akazi awo atawerenga anapukusa mutu. "Abambo, anthu akusekani."

"Aseke. Mbewa yamanyazi inafera kuuna."

Anthu anasekadi, koma anabwera. Woyamba anali mphunzitsi wa kwaya, ndi chithunzi cha oimba makumi awiri. Pakati pa miyendo ya oimba besi panali mwendo wina waubweya. Kenako mayi wa kogolosale anabweretsa cha ukwati wa mng'ono wake: kuseri kwa keke kunkaoneka msana. Wokonza njinga anabwera ndi mchira. Namwino wopuma ntchito anabwera ndi mchira. Pofika Lachisanu michira inali isanu ndi iwiri. Wina anabwera ndi chithunzi cha mbuzi n'kuumirira kuti ndi galu, koma ataima chammbali. A Mwetulirani anamujambulabe chifukwa cha kulimba mtima kwake.

Ankajambulanso chithunzi chilichonse, kukulitsa kachidutswa ka galuko, n'kumata pakhoma. Masana sankakhalanso pansi. Akamva kuti kwa akutiakuti kuli alubamu yakale, ankatseka situdiyo n'kukwera njinga. Ankalowa m'nyumba za anthu, kukhala pamphasa, kutembenuza masamba, galasi lokulitsira lili padiso. Ndipo chithunzi chilichonse chinkabwera ndi nkhani yake. Uyu akuti galuyo anamudyera soseji tsiku la chinkhoswe chake. Uyo akuti mwana wake wamantha analeka kulira pojambulidwa chifukwa galu anamunyambita phazi. A Mwetulirani sankadziwa kuti galu wawo anali ndi abwenzi ochuluka chonchi. Ankabwera kunyumba fumbi lili mbuu, akulankhula asanatsike panjinga, ndipo mbale ankaisiya ili mbee.

"Amayi, lero ndapeza khutu."

"Liti?"

"Nsonga yokha. Silikudziwika."

Pakhoma panadzaza michira, miyendo, msana, nsonga ya khutu. Nkhope panalibe. Anaimirira kutsogolo kwa khomalo tsiku lina n'kuseka chowawa. Mchira unkawapulumuka, koma nkhope ya galu m'chithunzi cha kasitomala? Imeneyo sakanaiphonya. Ntchito yawo ankaidziwa bwino kwambiri, ndipo ndi imene inawalanda galu kachiwiri. Kwa mwana wawo ankangoti, "Ndikukonza, dikira pang'ono."

Loweruka masana kunalowa mayi wina wachikulire, wovala bwino, tepi yoyezera ili m'khosi. Anati ndi telala wa kutsidya kwa njanji, ndipo nkhani ya galuyi anaimva kwa kasitomala wake. Anakhala pampando wagolide uja, chikwama atachikumbatira pamiyendo.

"Bambo, ndili nacho chimodzi. Koma ndinene poyamba: sichigona kuno. Ndibwerera nacho."

"Palibe vuto, mayi. Ndi mchira kapena mwendo?"

Mayiwo anatulutsa envelopu, m'envelopumo munali kansalu, m'kansalumo chithunzi. Sanachipereke msanga.

"Amuna anga anali dalaivala wa lole. Anabwera kuno kudzajambulitsa cha laisensi. Akuti galu wanu anawaika mutu pabondo, inu n'kuyamba kumukalipira. Iwo anati musiyeni, mutijambule chimodzi chonchi. Munakana, munati muno si mojambulira agalu. Anakuumirizani mpaka munajambula mukung'ung'udza, ndipo mutangochisindikiza munachifufuta pakompyuta." Anaseka pang'ono. "Anatisiya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Zithunzi zawo zina zonse ali ndwii ngati akuzengedwa mlandu. Ichi chokha ndiye akuseka."

A Mwetulirani analandira ndi manja awiri. Chinali chofwifwa, chopindika pakati, chokhala ndi dontho la madzi pakona. Bambo wamkulu thupi anali atakhala pampando womwewo, mano onse panja. Pabondo pake panali mutu wa Kaphulusa, maso ali tong'o pa kamera, lilime panja.

A Mwetulirani anachiika pamakina okopera zithunzi, ndipo nkhope ija inadzaza kompyuta yonse. Kadontho koyera pamphuno, kamene anali ataiwaliratu. Ndevu zitatu zokhota. Khutu logwa.

Ometa anali atafika kale, ndipo wina anathamanga kukaitana mkazi wa a Mwetulirani. Mayiwo analowa akupuma mwamphamvu, nayang'ana kamodzi kokha.

"Lakumanzere. Ndinanena ine."

"Pajatu ine ndimamuonera pagalasi," anadziteteza ometa.

Onse anaseka, a Mwetulirani nawonso, ndipo kusekako kunasanduka kulira. Analira poyera, pamaso pa mkazi wawo, mnzawo ndi mlendo, misozi ikutsikira pa lamba wa kamera. Panalibe amene anawauza kuti ndi galu chabe. Telala uja anangoti, "Lirani, bambo. Ine chithunzi chimenechi ndachiliriranso kokwanira."

Atapukuta m'maso anakoka mpando n'kuyamba ntchito. Anachotsa mzere wopindika uja, anafufuta dontho la madzi, anabwezeretsa mtundu. Anayambira pankhope ya dalaivala, ndipo telala anaimirira kumbuyo kwawo akuona mwamuna wake akuwala pang'onopang'ono, mpaka kolala ya shati inaoneka kuti inali yobiriwira. "Ndinasoka ndine imeneyo," ananong'ona.

Zitatha, akazi awo anati, "Tsopano dulani galu yekhayo, timutumizire mwana."

Dzanja linapita lokha, monga linazolowera. Anajambula kabokosi kuzungulira mutu wa Kaphulusa, ndipo zonse zakunja kwa kabokosiko zinachita mdima: mpando, shati yobiriwira, kuseka kuja. M'kabokosimo munatsala galu ndi zala zinayi za munthu zili pamutu pake. Kumbuyo kwawo anamva telala akukoka mpweya.

A Mwetulirani anayang'ana zala zija kwa kanthawi, kenako anachotsa kabokosiko. Dalaivala anabwerera.

"Ndadula zokwanira," anatero.

Anasindikiza zikuluzikulu ziwiri, naziika m'mafelemu abwino amene ankasungira maukwati. Chimodzi anapatsa telala pamodzi ndi chakale chija, atachikulunganso m'kansalu kake. China anachikhomera pakati pa michira. Kenako anabwereka foni ya ometa, najambula nayo chithunzicho, chinthu chimene sanachitepo, nachitumiza kwa mwana wawo.

Sipanathe mphindi ziwiri foni inalira.

"Ababa, ndi yemweyo! Ndi yemweyo ndithu, onani kamphunoko." Anali akuseka ndi kulira nthawi imodzi. "Koma bambo amene amugwirayo ndi ndani? Ndi achibale athu?"

A Mwetulirani anayang'ana telala, amene anali ataima pakhomo felemu ili pachifuwa.

"Ndi munthu yekhayo amene anandiletsa kumuthamangitsa, mwanawe. Umupachike choncho, onse awiri."