Mphini za amake Lameki

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona panja. Amayi a mpingo anali ataimba usiku wonse m'nyumba ya siwa mpaka mawu kusasa. Kuseri moto unali utayaka kale, adzukulu atapita ndi makasu kumanda. Tsikulo timaika akazi anga, amake Lameki.

Dzuwa litatuluka anthu anayamba kufika, ena pa njinga, ena pa matola, ena wapansi kuchokera ku Mposa. Kumwamba kunali bii. Lameki, mwana wathu woyamba, anatulukira kuchokera ku Balaka atakumbatira chinthu chokulunga m'nyuzipepala. Chinali chithunzi chotsogolera bokosi. Amake ankathawa kamera moyo wawo wonse. Chithunzi chawo chinali chimodzi chokha, chimene iye anawajambula pa foni, atavala duku lofiira, akuseka.

Atamasula ndinaona munthu wina. Duku lotuwa ngati phulusa. Makwinya mulibe, nkhope see, ngati mtsikana wa pa botolo la mafuta odzola. Mphini za m'masaya zija, zimene anawatema azakhali awo ali namwali, monga ankachitira makolo athu ochokera ku Mozambiki, panalibe ndi imodzi yomwe.

"Iwe, ameneyu ndani?"

"Ndi amayi, bambo. Wapasitudiyo wachikonza. Choyera ndi chakuda ndiye ulemu wa pamaliro masiku ano."

"Nanga mphini?"

"Amayesa ndi litsiro la pa kamera."

"Litsiro! Ine ndinafunsira litsiro? Bweretsa chakale chija!"

Anazolika. Akuti munthuyo anakonzera m'foni momwemo, chakalecho chinapita.

Ine mawu anga sabisika, ndikaitana mbuzi mudzi wachitatu umamva. Nyimbo inaduka m'siwamo. Mlamu wanga, mwini mbumba, anabwera nkundigwira pamkono.

"Alamu, tsitsani mawu, pano ndi pamaliro. Chithunzi sichilowa m'manda."

"Ndiye chake! Cholowa m'manda chili ndi mphini zake. Chotsala ndi ine ndi ichi!"

Mlamuyo anangolamula kuti chithunzicho achiike pampando pakhomo. Anthu ankadutsa, nkuyang'ana, nkuyang'anana. Gogo wina amene anavinidwa limodzi ndi akazi anga anaima nthawi yaitali, kenako anafunsa mnzake ngati sanasokere maliro. Apo mtima unandikwera. Ndinapita kumafuwa, ndinatola khala lozima, ndinalemba mphini pa galasi la chithunzicho, tsaya ili ndi ilo. Ena anabisa kuseka m'zitenje. Lameki anati ndikumuchititsa manyazi. Ndinati iyayi, manyazi wabwera nawo ndiwe m'nyuzipepala.

Abusa analalikira, tinaona nkhope, bokosi linatsekedwa. Tinanyamuka, mdzukulu wathu wamkazi ali patsogolo ndi chithunzi. Tisanafike pa mlatho mvula inayamba, ya madontho akuluakulu. Makala aja anasungunuka nkutsetserekera pachibwano, akazi anga nkuoneka ngati amera ndevu. Lameki anathamanga, anapukuta ndi dzanja la jekete. Ndinafuna kukuwa, koma nyimbo ndi mvula zinandiposa. Mpaka kumanda anatitsogolera ndi mtsikana wosalala uja, amene sanalimepo mzere, sanaberekepo mwana. Adzukulu anakwirira, tinaika nkhata, tinabwerera titanyowa, matope mpaka m'mawondo.

Madzulo anthu anali atabalalika. Otsala anali kunyumba kwa mlamu. Chithunzi anachitsamiritsa kukhoma m'nyumba mwanga. Ndinati tsopano palibe wondiletsa, ndilembe bwinobwino, mosapupuluma. Ndinakhala pansi, khala lili m'manja, dzanja nkuima m'malere. Tsaya lamanzere zinali zitatu kapena zinayi? Zinkapendekera kukhutu kapena kukamwa? Mmawa ndinangolemba ndi mkwiyo. Nkhope imene ndaidzukira zaka zonsezi, ine wodziwa zonse ine.

Ndinakuwa monga mwa masiku onse, "Amake Lameki, kodi zinali zingati?"

Panja nkhuku zinali kulowa zokha m'khola.