Asilikali a m'magazi a amayi anga atatsala pang'ono kutha ku Karama

Zimene ndikuuzenizi sindinamve kwa munthu, ndinalipo ndekha, ndipo kabuku kamene ndinkalembamo za tsiku ndi tsiku masiku amenewo ndikadali nako, ngakhale masamba ena anafufutika ndi misozi.

Ndinali Fomu 3 pamene amayi anga, omwe ankagwira ntchito yokonza m'nyumba za anthu ku Dubai, anandiitana kuti ndikawaone pa tchuthi. Ndisanabwerere, Korona anafika, ndege zinasiya kuuluka, ndipo ndinakakamira m'chipinda chimodzi ku Karama pamodzi ndi amayi ndi azimayi ena anayi. Wamkulu wa onse anali mayi wina wa ku Mangochi amene tinkangomutchula kuti Anti, ndipo akati khalas, nkhani inkathera pomwepo.

Amayi anali atangoyamba kumwa mapilitsi a chithokomiro. Patapita milungu ingapo, tsiku lina anadzuka thupi lili moto, kukhosi kukupweteka. Inu mukudziwa mmene zinthu zinalili nthawi imeneyo, munthu ukangotsokomola, anzako ankakuyang'ana ngati wanyamula njoka. Anti anati izi zisatuluke panja, chifukwa ambulansi ikangoima pakhomo nyumba yonse aitseka, ndiye mabwana akapeza antchito ena, ana kumudzi adya chiyani? Anayamba ndi mankhwala a malungo amene wina anabwera nawo kuchokera kumudzi, pajatu kwa ife kutentha thupi kulikonse ndi malungo, ngakhale kudziko kumene udzudzu sumauona. Kenako jinja, mandimu ndi adyo, kenako kuwafunditsa bulangete pa beseni la madzi otentha. Anti atawakoka chikope n'kuyang'ana, anati magazi achepa, ndipo anatuma munthu kukagula chidede, chimene kumeneko amachitcha karkade.

Tsiku lachinayi amayi sankatha kumeza ngakhale malovu. M'kamwa munali zilonda zoyera, mano akugundana masanasana kunja kukuwotcha, ndipo atandiyang'ana anandiitana dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Abale, munayamba mwaona mayi wanu akukuyang'anani koma osakudziwani?

Ndikuwapatsa pilitsi lawo la chithokomiro, kapepala kopindapinda kanagwa m'bokosi la mapilitsiwo, kaja timakataya osawerenga. Ndinakatambasula chabe chifukwa chosowa chochita. Pakati pa tizilembo ting'onoting'ono panali mawu aatali akuti agranulocytosis, ndipo pansi pake anafotokoza kuti nthawi zina mankhwalawa amapha maselo oyera a m'magazi, choncho munthu akatentha thupi kapena kumva zilonda kukhosi asiye kumwa athamangire kuchipatala tsiku lomwelo. Ndinakumbuka aphunzitsi a Bayoloje akujambula pa bolodi maselo ofiira onyamula mpweya ndi maselo oyera, asilikali a m'thupi, makamaka manyutirofilo amene amayamba kulimbana ndi tizilombo. Chidede chikanawathandiza bwanji amayi? Ife tinkathamangitsa magazi ofiira pamene amene ankatha anali asilikali, ndipo ine ndi dzanja langali ndinkawamwetsa m'mawa uliwonse chinthu chimene chinkawapha.

Nditawauza Anti, anaseka n'kuuza anzawo kuti tayimirirani, a Dokotala a Fomu 3 alowa. Anati mwana wa dzulodzulo ndisaphunzitse anthu amene alera ana a Aarabu mpaka kukula, ndipo anakhala pampando pafupi ndi chitseko. Ine sindinayankhepo munthu wamkulu chibadwire, ndiye ndinangoti ndikukataya zinyalala. Kapepalako ndi kabuku kanga ndinazibisa m'chitenje, n'kutsika masitepe mothamanga mpaka ku famase ya pakona. Bambo wachimwenye wogulitsa mankhwala atawerenga, nkhope yake inasintha, anangoti yalla, kutanthauza fulumira, n'kundipatsa foni yake kuti ndiitane ambulansi ndekha.

Kuchipatala sanandilole kulowa. Dokotala wamkazi anatuluka atavala zobisa nkhope n'kundifunsa tsiku limene amayi anayamba mapilitsi, limene anayamba kutentha, ndi zonse zimene tinawamwetsa. Zonsezo zinali m'kabuku kanga, tsiku ndi tsiku, mpaka chidede chomwe. Korona sanawapeze naye. Dokotalayo anandiuza kuti manyutirofilo anali atatsala pang'ono kutheratu, tizilombo titalowa kale m'magazi, ndipo tikanadikira tsiku lina sakudziwa ngati akanawapulumutsa. Ndinafunsa ngati inali khansa ya m'magazi ija amati lukemiya. Anati ayi, mafuta a m'mafupa amene amapanga asilikaliwo anangofooketsedwa ndi mankhwala, ndipo awabaya jakisoni wowadzutsa.

Anawagoneka m'chipinda chaokha, osati poopa kuti apatsira ena matenda, koma kuti ena angawapatsire. M'mawa uliwonse namwino ankandiimbira, ndipo tsiku limene anati asilikali ayamba kuchuluka ndinavina pakhonde, Anti akulira n'kumati Alhamdulillah. Amayi anatuluka akuyenda ndi miyendo yawo, chithokomirocho anawapezera njira ina, ndipo palibe amene anachotsedwa ntchito. Sabata yomweyo Anti anabwera ndi mabokosi a mankhwala awo a shuga, n'kukhala pansi pamphasa kuti ndiwawerengere mapepala onse.

Lero ndimakhulupirira kuti Mulungu sanatseke ndege zija pachabe, ndiponso kuti phunziro limene ukuliona ngati la mayeso chabe likhoza kukubwezera mayi wako. Ndikuphunzira zoyeza magazi tsopano. Inu amene muli ndi wodwala amene akumwa mankhwala a chithokomiro, akatentha thupi n'kudandaula kukhosi, musawiritse chidede, musafunse kuti anthu anena chiyani. Mutengeni tsiku lomwelo akamuyeze magazi, ngakhale pakhomo patakhala munthu wamkulu amene simunamuyankhepo.