Kagalimoto kamene ndinakayesera m'mwamba

Ntchito anandipezera malume, kwa a Kamanga okonza mawailesi kuseri kwa msika, chifukwa ankapemphera mpingo umodzi. Ndinali nditangosiya sukulu, ndipo ndinkadzimva kuti ndine katswiri.

Tsiku lina kunabwera a Mphande, ongobwera kumene kumigodi ya ku Joni, atanyamula kagalimoto koseweretsa ka matayala akuluakulu kamene anagulira mwana wawo. Kankayendetsedwa ndi kabokosi ka mlongoti. Anthu anali atayamba kunong'ona kuti kabokosiko n'kolankhulira ndi zigawenga za kunja, ndipo amuna a chipani, a malaya ofiira aja, anati abwera Lachisanu kudzaona ngati kamayendetsadi galimoto. Tsoka ilo, kagalimotoko kanali katafooka. Kankangokwawa, mota n'kumatentha.

A Kamanga ankathamangira maliro ku Chintheche, choncho anandisiyira malangizo: "Chotsa kagiya ka pamota, ukankhe galimoto ndi dzanja. Ikalimba, vuto si mota ayi. Uzungulitse tayala limodzilimodzi mpaka umve pamene pakugwira."

Ine ndinaona ngati kutaya nthawi. Ndinasintha mabatire, ndinapala mawaya, n'kupaka girizi wambiri m'magiya. Nditakanyamula m'mwamba, matayala anazungulira bwinobwino. Pansi sindinakaike.

Lachisanu m'mawa tinakumana pabwalo la nyumba yawo ku Chikale, amuna aja ataima chapafupi. A Mphande anakankha kandodo ka pakabokosi. Kagalimoto kanalira, kanasuntha pang'ono, n'kuima, kakununkha waya wopsa.

"Mwana wangu, si unati kachira?" anandifunsa motsitsa mawu.

Ndinatola kagalimotoko pansi. Amuna aja anawatenga a Mphande, ndi kabokosi komwe.

A Kamanga atabwerako anamasula kagalimotoko osandiyang'ana. M'maberingi a kumbuyo munadzaza mchenga, ndipo ulusi wa ukonde unali utakulungika pa ekiselo, kachitsulo kolumikiza matayala. Anautokosa ndi singano, anatsuka ndi parafini, n'kukankha ndi chala chimodzi. Kanadutsa tebulo lonse. Titakabweza kunyumba, mayi Mphande anakalandira ndi manja awiri, natithokoza mwaulemu, ine ndili chiweramire.

Kuyambira pamenepo sindibweza chinthu kwa mwini wake ndisanachiyese pansi, chitasenza kulemera kwake. Anzanga amandiseka kuti ndimachedwa, ndipo ndimangowasiya. A Mphande sitinawaonenso. Mpaka lero palibe amene anandiimbapo mlandu, ndipo chimenecho ndiye chimandipweteka.